Ulusi Wofiira M'munda Wanga wa Thonje

Nkhani iyi ikatchulidwa kwathu kwa Maganga, ine ndimayamba kufunafuna kopita.

Amuna anga anamwalira thonje lili m'mawondo, kundisiyira ana atatu ndi munda. Tisanasese n'komwe pamaliropo, alamu anga aBinwell anabwera. "Alamu, thonje si ntchito ya munthu wamkazi. Ndipatseni ndikusamalireni." Ndinakana, koma mawuwo ndinawasunga.

Thonje litayamba maluwa, ndinapeza timaulusi tofiira tomangidwa patsinde pa maluwawo. Mfundo zake zaukhondo, za munthu wosafulumira. Tizipatso tina taziwisi tinali titadulidwa ndi lezala. Ndani sadziwa kuti zokolola amazikoka ndi mankhwala? Ndipo ndani ankaufuna mundawo?

Sindinauze munthu (masiku amenewo ngakhale chifuwa unkayamba wayang'ana kumbuyo usanatsokomole). Ndinamasula timaulusi tonse n'kuwaza phulusa m'malire. Patapita masiku, tina tatsopano! Apa ndinati mankhwala amabwezedwa kwa mwini wake. Ndinamasulanso, n'kukamangirira pa thonje la alamu, duwa ndi duwa, mpaka msana kuwawa.

Alamu ataona timaulusito anafika pakhomo panga. "Mwapha mbale wanga, tsopano mwayamba ine?"

"Mwazindikira katundu wanu eti?" ndinayankha. Anthu anatileretsa.

M'mawa mwake ndinabisala m'mizere ya m'munda mwanga ndi mpini. Kunabwera bambo wina wa malaya oyera. Anang'amba kachipatso, n'kumatola njere zanthete, zoyera ngati mano a khanda, kuziika m'timabotolo. Timabotoloto ankatiika m'bokosi lofuka utsi wozizira. Ndinati waganyu wa alamu ndi ameneyu. Ndinakuwa kuti "Mfiti!" mpini uli kale pamsana pake.

Anthu atathamangira, ndi pamene ndinaona galimoto ya boma pansi pa mlambe. Ndinataya mpini pansi. Atcheyamani a chipani anafika, funso loyamba n'kukhala la khadi langa la umembala (mwamwayi linali pa mfundo ya chitenje).

Bambo uja, akudzisisita, anati ndi wa zofufuza zaulimi, ndipo malemu amuna anga anamulola kufufuza m'munda mwathu asanadwale. Ulusi unali wodziwira tsiku limene duwa latsegula, kuti adziwe msinkhu wa njere.

"Mayi, njere ikakhala yaing'ono imayamwa kwa mayi wake. Tikufuna tidziwe chimene imadya, shuga wake, mchere wake, ndi timadzi timene timaiuza kuti ikule. Tikadziwa, tidzailera m'botolo."

"Popanda dothi?"

"Popanda dothi."

"Ndiye mukuti si ufiti?"

Atcheyamani anandiponda chala.

Bamboyo sanandisumire, Mulungu amudalitse. Anangofunsa kumene ulusi wake unapita, ine n'kuloza. Anapita, nayendayenda m'munda wa alamu, n'kunena kuti thonje lake n'labwino ndithu, komanso mwini wake sayenda ndi mpini. Kafukufuku yense anasamukira komweko, pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala opopera aulere, zimene malemu anatipezera osandiuza.

Chaka chimenecho thonje langa linadyedwa ndi mbozi. La alamu linayera ngati nsalu ya m'tchalitchi, ngolo kuchita kubwereza. Zokolola zanga zinapitadi kwa alamu monga ndinkaopera, koma wozinyamula ndinali ine ndemwe.

Ndinakapepesa kwa alamu ndi nkhuku. Analandira, nati, "Alamu, chaka chamawa mudzabwerenso mudzamange, muli ndi dzanja labwino."

Mundawo sindinawapatse. Ndipo za mbewu yomera m'botolo, mundikhululukire, mpaka lero sindinagwirizane nazo.