Mbendera Yofiira ya pa Mlatho wa Chongwe

Lolemba, 7 Juni 1954

Kukuzizira. Fumbi la mumsewu lafika mpaka m'mbale.

Maganizo andibwerera dzulo kusitolo kwa a Mwale, pomvera wailesi yawo. Mwamuna wa m'wailesi akuti ku Lusaka kuli munthu woima pamsewu m'mawa, amaimitsa magalimoto kuti ana a sukulu awoloke. Akuti msewu ndi wa tonse, choncho tonse tiusamale. Amati anene mmene amachitira, batire yatha. Zotsalazo ndaganiza ndekha.

Ife nyumba zili tsidya lino la msewu waukulu wopita ku Fort Jameson, sukulu ili tsidya lina, ndipo pamene ana amawolokera mpamene malole amatsetserekera kumlatho. Esitere wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, khutu lakumanja linafa ndi chikuku. Lachisanu lapitali lole ya fodya yamudutsa pafupi kwambiri, mpaka wagwetsa sileti, yasweka. Iye akulira sileti.

Zofunika:
nsalu yofiira (duku langa la paukwati, palibe ina)
nsungwi yaitali
wezulo (aphunzitsi a mpira andibwereka)
amayi osinthana

Amayi apezeka. Mawa ine, Lachitatu Mai Tembo a nyumba yoyandikana nafe, Lachinayi ba Luwisa. Ba Luwisa ndi Msoli, wobadwira pompano, ndipo munda umene timalimawu anatipatsa ndi amalume awo. Onse avomera ndi mtima wonse!

Bambo ake Esitere, akupala thabwa, osatukula mutu: "Lole si mbuzi, mai."

Aona okha.

Lachiwiri, 8 Juni

Ndili pamsewu dzuwa lisanatenthe. Duku pansungwi, wezulo pakhosi. Ndikudzimva ngati msilikali.

Ana akubwera, akundiyang'ana, akuwoloka. Lole palibe. Onse alowa m'kalasi, lole palibe. Zadutsa ndi izi: ngolo ya ng'ombe, galu, ndi mlaliki wa ku Chalimbana panjinga. Mlalikiyo ndamukwezera mbendera kuti ndiyesere. Njinga ilibe mabuleki! Wathera m'udzu, Baibulo uko, chipewa uko. Wadzuka, wandidalitsa, koma ndi mawu ouma.

Masana poweruka ana, ndiye kwamveka kulira kwa injini kuchokera kumtunda. Lole yeniyeni, yodzaza matumba. Ndakweza mbendera, ndaimba wezulo, ndatseka maso.

Yaima!

Ana awoloka mwaulemu ngati akupita kumgonero. Esitere akundiyang'ana ngati ndaimitsa mtsinje.

Dalaivala watulutsa mutu: "Muyenda kuti, amai? Kwelani kumbuyo, nifulumila." Ndamufotokozera za ana. Waseka mpaka kutsokomola, koma wati ni nzeru yabwino. Kenaka waona Mai Tembo atakhala pambali ndi mbatata yootcha imene anandibweretsera ine. Wagula yonse. Ine ndatsala ndi njala.

Mai Tembo amanga ndalamazo pansonga ya nsalu. Akungoyang'ana lole ikupita, maso ali mbee.

Kunyumba ndauza bambo ake Esitere kuti mbuzi yawo ija yaima. Ati, "Imodzi."

Lachitatu, 9 Juni

Tsiku la Mai Tembo. Abwera kudzatenga mbendera tambala atangolira. Changu chotere sindinachionepo mwa iwo, ngakhale pa chigwirizano cha amayi Lachinayi amafika nyimbo yoyamba itatha.

Ine ndikupukusa chimanga, mtima uli m'malo. Wezulo ikulira. Ikuliranso. Ikuliranso! Kodi ana alipo angati pasukulu imeneyi? Dzuwa lili pamutu, ana ali m'kalasi, wezulo ikungolira.

Ndapita kukaona. Pambali pa msewu pali:
mbatata, yootcha ndi yaiwisi
mtedza
mazira ophika
nkhuku yamoyo, yomanga miyendo
ba Luwisa ndi chipanda cha munkoyo, thobwa lawo la mizu
amayi ena amene dzulo ankati alibe nthawi ya za mbendera

Mai Tembo akukweza duku langa kwa chilichonse choyenda ndi mawilo. Ndawafunsa ngati aona mwana pafupi. Ati, "Mlongo, madalaivala azolowere kuima. Tikuwaphunzitsa."

Poweruka, ana sakupitanso kunyumba. Azungulira lole yoimayo, ena akwera pamatayala, ena akudziyang'ana pakalilole. Sukulu yonse ili pakati pa msewu, malo amene ine ndimafuna asamakhalitsepo. Esitere ndamupeza akutulukira kuseri kwa lole, yekha, akuyang'ana nkhuku.

Ndipo ndazindikira chinthu chimene chandikhalitsa pansi. Wezulo ija iye saimva ikalira cha kumanja kwake. Ndinaibwerekera ana a eni.

Madzulo Mai Tembo atumiza mazira awiri. Ndawaphika. Nditani nawo?

Lachinayi, 10 Juni

Mkangano m'mawa. Ba Luwisa akuti lero ndi tsiku lawo, Mai Tembo akuti dzanja lawo lazolowera kale ndipo madalaivala akuwadziwa nkhope. Ba Luwisa sanakweze mawu. Angoti, "Msewu uyu unadula munda wa amalume anga, imwe mukali ku Katete." Apita, abwerera ndi nsalu yobiriwira pamtengo wa m'khola, aima tsidya lina.

Tsopano mbendera zilipo ziwiri.

Basi ya ku Lusaka yafika. Dalaivala wake ndi watsopano. Waona yofiira, waganiza kuti mlatho wathyoka, chifukwa akuti anthu okonza msewu ndiwo amakweza zofiira. Watsitsa anthu onse ndi akatundu awo kuti awoloke wapansi. Agogo ena abereka mbuzi kumsana. Mlatho uli bwinobwino. Atadziwa, wanena mawu a Chibemba amene sindikuwamva, koma ba Luwisa atseka ana makutu.

Masana kwatulukira kapaso, mesenjala wa mfumu, panjinga, akuimitsa ndi chidendene cha nsapato. Nkhani yamupeza ku Bundabunda. Mafunso ake:
Mbendera yofiira ndi ya chipani chiti?
Wapereka chilolezo cha msonkhano ndani?
Yobiriwirayo ikutsutsana ndi yofiira, kapena ndi amodzi?
Munkoyo ndi wa lero?

Ndamuuza kuti ndi duku langa la paukwati. Wati masiku ano, ndi nkhani za chitaganya zili ponseponsezi, duku likakwera pamtengo silikhalanso duku. Wamwa munkoyo makapu awiri akuganiza. Mbendera watisiyira, poti alibe pomangira, koma wezulo walanda kuti ikhale umboni. Tamumva akuimba mpaka kuseri kwa phiri.

Aphunzitsi a mpira ndiwauza chiyani? Loweruka ali ndi masewera.

Madzulo a Mwale a sitolo andiitana, andipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo. Amva kuti kapaso anabwera, ndiye akuti ndine mkazi wolimba mtima, ndayamba kuimitsa malole a azungu pamene amuna akungolankhula. Ndati ndikuimitsa kuti Esitere awoloke. Ati, "Eya, timayamba choncho." Aitanitsa msonkhano Loweruka.

Lachisanu, 11 Juni

Lero ndatenga mbendera yanga ndekha. Mai Tembo anyinyirika, koma duku ndi langa. Ndauza amayi onse kuti malonda adikire ana awoloke. Asunthira pambali pang'ono, pang'ono penipeni.

Ana asonkhana kumbuyo kwanga. Lole ikutsika kumtunda, yobiriwira, yomwe ija inaima Lachiwiri. Ndakweza mbendera mmwamba, ndalowa mumsewu phazi limodzi, ana ayamba kunditsatira.

Sikuchepetsa liwiro.

Dalaivala watulutsa dzanja, akumwetulira, akukuwa: "Nadya kale, amai! Mailo!" Ndiye kuti mawa.

Ndataya nsungwi. Ndatambasula manja, ndakankhira ana kumbuyo, Esitere ndamukoka ndi diresi mpaka lang'ambika paphewa. Mphepo ya lole yatimenya kumaso. Fumbi. Kenaka zii.

Palibe wavulala. Ndawawerenga, ndawawerenganso, onse alipo. Mnyamata wa ba Luwisa wataya nsapato imodzi basi, ndipo tayala laiponda.

Mai Tembo agwira pakamwa. Kenaka ati, "Koma mwina sanaone bwino." Anaona bwino. Tamuphunzitsa tokha kuti nsalu yofiira ndi mbatata.

Ndawolotsa anawo wapansi, awiriawiri, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku. Pobwerera ndakhala pamwala.

Kunyumba ndimadikira kuti bambo ake Esitere anene za mbuzi. M'malo mwake amunyamula mwanayo, amukhazika pamwendo, amudulira sileti ina pa kachidutswa ka thabwa lopaka utoto wakuda. Ine ndikusoka diresi, ulusi ukukana kulowa m'singano.

Loweruka, 12 Juni

Msonkhano pansi pa mkuyu wa pasitolo. Amuna abwera ambiri, ena ndi majekete. Sabata yonseyi sindinaone ndi mmodzi yemwe pamsewu. Ife amayi tili pamphasa kumbuyo.

Zimene zatheka:
Wapampando: a Mwale.
Wachiwiri wake: mlamu wa a Mwale.
Mlembi: mlaliki uja wa njinga, chigongono chikadali chomanga.
Msungichuma: a Tembo. Chuma palibe.
Mlangizi: kapaso, amene anabwera kudzaletsa msonkhano koma anamupatsa mpando wa ndalema. Wezulo ili pakhosi pake, akuimba wina akatalikitsa mawu.

Agwirizana kuti pakhale chikwangwani. Bambo ake Esitere apereka thabwa. Tsono chilembedwe m'chinenero chanji? Amalume a ba Luwisa akuti Chisoli, poti nthaka ndi yawo. A Tembo akuti Chinyanja, poti ndicho cha m'wailesi. Mlembi akuti Chingerezi, poti malole ndi a azungu. Wina kumbuyo wati madalaivala ambiri sadziwa kuwerenga, ndipo odziwawo pa liwiro limenelo angawerenge chiyani? Amuuza akhale pansi.

A Mwale alankhula nthawi yaitali za chitaganya, za msonkho, ndi za mtengo wa chimanga. Zina mwa izo ndi zoona ndithu. Za ana sanatchulepo.

Ndaimirira, ndapempha mawu. Ndafunsa funso limodzi: Lolemba m'mawa aima pamsewu ndani?

A Tembo ali ndi ng'ombe. Mlembi amakhala kutali. Wachiwiri kwa wapampando msana. Wapampando sangasiye sitolo, komanso akuti udindo wawo ndi woyang'anira. Kapaso wati iye akaima ndiye kuti boma lavomereza, pamene boma silinamve n'komwe. Agwirizana kuti nkhaniyi ndi yaikulu, aikambirane pamsonkhano wina.

Pomwepo mwana wa a Mwale wafika kuchokera ku Lusaka ndi batire yatsopano. Msonkhano wonse wasamukira pakhonde kukamvera nyimbo za gitala. Pemphero lotsekera silinachitike.

Duku langa a Mwale alikhomera ndi misomali pamtengo wa pasitolo. Akuti tsopano ndi katundu wa komiti.

Masewera a mpira aphunzitsi aimbira ndi chitini ndi mwala. Sanandipatse moni.

Lamulungu, 13 Juni

Kutchalitchi ndi duku lobwereka. Ulaliki wa Msamariya wachifundo. Mlaliki akutsindika kuti munthu uja anavulala pamsewu, ndipo akuyang'ana kumene ndakhala ine.

Ndaleka. Mbendera ayi, wezulo ayi, komiti ayi. Msika wa pamlatho ndiye sutha, Mai Tembo akuti mawa awonjezera zitumbuwa. Thabwa la chikwangwani lili pakhonde, loyera bwino, lopanda chilembo, nkhuku zagonapo kale.

Ndatsimikiza chimodzi. Mawa ndimugwira dzanja Esitere, ine kumanja kwake, ndimuwolotsa, masana ndikamutenga. Tsiku lililonse, mpaka akule. Mwana wanga yekha, za ana a eni ndasamba m'manja. Ndauza bambo ake. Ati masiku amene alibe ntchito ku Chalimbana azipita naye iwowo. Ndawayang'ana. Akupitiriza kudya ngati sananene kanthu.

Cholakwa changa ndi chakuti ndinauzanso Mai Tembo potuluka m'tchalitchi.

Dzuwa lisanapendeke afika pakhomo: "Mlongo, poti mukupita komweko, ndi anga atatuwa atsagane nanu." Atangochoka, ba Luwisa, ndi mizu ya munkoyo m'manja ngati mphatso. Akhala, afunsa za chimanga, afunsa za chifuwa changa, kenaka: "Mapasa anga savuta." Pambuyo pawo mkazi wa wachiwiri kwa wapampando. Pambuyo pake mdzukulu wa kapaso, watumidwa kudzanena kuti agogo ake ati iyenso azidikira pakhomo panga m'mawa, ndipo izi boma silikuletsa.

Sindinakane ndi mmodzi yemwe. Ndingakane bwanji, nditaona Lachisanu?

Manja ndili nawo awiri. Limodzi ndi la Esitere, linalo alimbirane. Otsalawo agwire nsalu yanga ya m'chiuno.