Chithumwa cha pa paini wanga

Nkhaniyi akazi anga anandiletsa kukamba, koma poti Kasakula yense akuidziwa, bola muimvere kwa mwiniwakene.

Ndili ndi kamunda ka paini kuphiri. Chaka chatha mitengo inayamba kufiira umodziumodzi, utomoni ukuchucha ngati misozi. Nditasenda khungwa ndinapeza timizere tokhotakhota, ngati wina walemba kalata m'kati mwa mtengo. Ndinatchera khutu. M'thunthumo munkamveka te, te, te.

M'mawa wina, nkhungu ili tolo, ndinaona chinthu chakuda chikulendewera panthambi, pamalire anga ndi a Chimphepo (tinali titakanganapo za malirewo). Pakati pake panali kathumba konunkha mwachilendo. Ine, mkulu wa mpingo wathunthu, ndinati chithumwa basi. Ndinakadula, n'kukaponya m'thumba la jekete ngati umboni.

Ndikutsetsereka, kanthu kanatera pachifuwa. Kenako kachiwiri. Tizilombo takuda, tonga anankafumbwe, tikutuluka m'nkhungu mwakachetechete, tonse kulunjika pamtima panga. Ndinatiingitsa ndi manja, tinabweranso. Ndinayamba nyimbo ya m'buku, mawu anakana. Ndinaliyatsa liwiro (nsapato imodzi ikadali kuphiriko).

Ndinafika kwa a Chimphepo ndili wefuwefu, n'kuponya kathumbako pamapazi awo.

“Tengani zanuzi! Mwandiphera mitengo, tsopano mukufuna ine?”

Iwo anakayang'ana, n'kuitana mwana wawo Esinta, mlangizi wa za nkhalango.

“Bambo, mwandigwetsera msampha?” anafunsa Esinta. “Tizilomboti tikapeza mtengo wofooka timatulutsa fungo loitana tinzake, tibwere tiboole limodzi. M'kathumbamu muli fungo lomwelo lochita kupanga, kuti tizikodwa mumsampha m'malo molowa m'mitengo. Inuyo mwatiitana nokha.”

“Nanga anakulolani ndani m'munda mwanga?”

“Amayi akunyumba kwanu, pamsonkhano uja munati ngwa anthu opanda zochita.”

A Chimphepo sanaseke, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Anangondichotsa kachilombo pakolala ya jekete.

“Achimwene,” anatero, “ndikanakhala mfiti, bwenzi ndikupachika mankhwala poonekera chonchija?”

Ndinakapepesa ndi tambala, Lamulungu lake n'kupepesanso pamaso pa akulu anzanga. Tsopano ndimati ndinaphunzira kufunsa ndisanaloze munthu chala. Koma dzulo nkhuku zanga ziwiri zafa mosadziwika bwino, ndipo ndikuuzeni zoona, dzina ndili nalo kale m'mutu.