Madzi a Maapozi a ku Liwonde

Nkhani iyi kwathu ku Utale sindinaiuzepo munthu, ndipo mukakafika nayo kumeneko ndidzaikana.

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo pa nkhani ya mowa ndinalibe chibale. Sabata imene izi zinachitika ndinali nditasumira a Makwinja, bambo wogulitsa mbuzi, amene ndinawapeza akudzandira pa maliro. Mlandu wawo unali woti ukambidwe Loweruka, ndipo mboni yaikulu ndinali ine.

Lachitatu ndinapita ku Liwonde kukagula nsalu za amayi a kwaya. Mlamu wanga, amene amagwira ntchito kumeneko, anati ndikamudikire pa malo ena odyera m'mphepete mwa Shire. Anali malo abwino ndithu: denga la udzu, mipando yansungwi, kamphepo kochokera pamadzi. Munali mu Okutobala, kukhosi kuli gwa. Ndinaona kuti amagulitsanso mowa, koma ndinati kuunika kumafunika mumdima (mukuona mmene ndinkadzionera).

Mwini malo, mayi wansangala, anabwera ndi chambo chokazinga ndi tchipisi.

"Nanga chakumwa, amayi?"

Patebulo lina panali mayi wovala bwino akumwa m'kabotolo kojambulidwa apozi. Ndinaloza.

"Ngati chimenecho."

"Mumamwa chimenecho?" anafunsa akuyang'ana duku langa.

"Bwanji, ndi cha a m'tauni okha?"

Anangobweretsa.

Abale anga, chinali chozizira, chotsekemera, choluma pang'ono pa lilime. Magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba, choncho zilembo za pabotolo zinkangooneka ngati nyerere. Loyamba linatha ndisanakhudze n'komwe nsomba. Ndinaitanitsa lachiwiri. Lili pakati, ndinaona kuti nsapato zikundithina, n'kuzivula. Kenaka mvuu inatulutsa mutu pamadzi, ine n'kuipatsa moni. Mwaulemu ndithu: "Mwaswera bwanji?" (Sinayankhe, ndipo ndikukumbuka kuti zinandiwawa.)

Pa botolo lachitatu mzimu wolalikira unandigwira. Ndinaimirira, botolo m'manja, n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya. Amuna ena amene ankamwa pakona anavomera bwino kwambiri, mpaka besi. Ndinawauza kuti mowa ndi msampha, umapasula mabanja, umachotsa ulemu wa munthu. Ankaomba m'manja, wina misozi ili mbwe kuseka. Ine ndinkati ndi kulapa.

Ndipamene ndinaona a Makwinja atakhala okha kumapeto, pafupi ndi madzi.

"Ehee! Ndakugwiraninso!" ndinakuwa. "Loweruka lisanafike n'komwe!"

Ndinapita kuti ndikalande umboni, koma pansi panayamba kupendekeka. Phazi limodzi linaphonya sitepe, ndipo ndinakalowa m'matope a m'mphepete mwa mtsinje mpaka m'mawondo. Amene anandizula anali a Makwinja omwewo. Anandikhazika pampando wawo, n'kundipatsa chomwe ankamwa. Anali madzi. Madzi enieni.

"Ine ndinasiya tsiku lija la maliro, mayi," anatero motsitsa mawu. "Manyazi anandigwira."

Kenaka anatola botolo langa, n'kuliwerenga pang'onopang'ono ngati kalata ya kukhoti.

"Mwamwa angati?"

"Atatu. Ndi maapozi."

"Maapozi alimo ndithu. Koma uwu ndi mowa, mayi. Mowa wa anthu olemera."

"Iyayi!"

"Eetu."

Ndinayang'ana mwini malo. Iye anatambasula manja. "Ndinakufunsanitu, amayi."

Mlamu wanga anafika a Makwinja akunditsira madzi m'miyendo. Anaima, anayang'ana mabotolo atatu aja, anayang'ana ine, n'kukhala pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Anandigoneka kwawo masana onse, ndipo nsalu za kwaya ndinagula mawa lake mutu ukugunda ngati mtondo.

Loweruka ndinalowa m'tchalitchi. A Makwinja anakhala kutsogolo, chipewa pamawondo. Abusa atandipatsa mpata woti ndipereke umboni, ndinalankhula za chifundo. Ndinati munthu amatha kugwa osadziwa, ndipo wogwa safuna chibakera koma dzanja. Akulu anzanga anayang'anana. Mayi wina anandinong'oneza kuti sanandimvepo ndikulankhula mozama chonchi, ndipo anafunsa ngati ndinasala kudya.

A Makwinja anakhululukidwa. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anaimirira, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndingothokoza amayiwa," anatero. "Amamvetsa mavuto athu kuposa mmene mukuganizira."

Mpingo wonse unati ameni.

Mpaka lero a Makwinja sanaulule, ndipo sanamwenso. Ine milandu ya mowa ndinaisiyira ena, ndimati ndakalamba. Ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu pa zonse: kuledzera, kudzikuza, kunamizira munthu. Chimodzi chokha chimandikanika kulapa ndi mtima wonse. Chinthu chija chinali chokoma.