Mwamuna Wosalankhula wa pa Foni ya ba Sajeni

Nkhani iyi ana anga amaikonda, ndipo amaiyambitsa dala pakakhala alendo. Ikayamba, ine ndimadzuka n'kupita kukaona nkhuku. Lero ndati ndiinene ndekha, chifukwa iwo amathira mchere wambiri, chonsecho zoona zake zokha n'zokwanira kundigwetsa nkhope. Ndinatsala pang'ono kutaya ukwati chifukwa cha kabokosi ka magetsi ofiira.

Nthawi imeneyo mafoni am'manja anali asanafalikire kuno ku Chongwe. Ine ndinali kalaliki pa ofesi ya kabungwe ka alimi paboma, ndipo tinali ndi telefoni imodzi yawaya ndi kompyuta yakale imene azungu ena anatisiyira. Mnzanga wa ku Lusaka anandipatsa sidi ya Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yaulere, imene aliyense angathe kuitsegula m'kati n'kuisintha mmene wafunira. Ndinaiika, inayaka, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mlaliki. Mlimi wobwera kudzafunsa za feteleza ankachoka atamva za ufulu wa makompyuta. (Ambiri ankangogwedeza mutu n'kufunsanso za feteleza.)

Chinatsala ndi intaneti. Pamafunika modemu, kachipangizo kamene kamaimba foni m'malo mwa kompyuta, kuti ilumikizane ndi makina a kampani ya intaneti kudzera pa waya wa telefoni. Modemu ya m'kati mwa kompyuta yathu inakana Linux. Inkafuna kapulogalamu kake koiyendetsa, ndipo kapulogalamuko kanali pa intaneti, kumene sindikanafika popanda modemu. Zinali ngati kukhoma chitseko kiyi ili m'kati.

Ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka, n'kukopera kapulogalamuko pa disiketi m'kafe ina ya intaneti. Pobwerera ndinakhala pakati pa thumba la makala ndi mayi wina wathupi, disiketi ili m'thumba la shati. Ndinafika ili yopindika. Ulendo wachiwiri inafika yamoyo, koma kompyuta inati kapulogalamuko n'ka Linux wamtundu wina. Mtima utawawa, ndinapita kumsika n'kugula modemu yogwiritsidwapo kale, yoima payokha, kabokosi kotuwa kokhala ndi timagetsi tofiira. Imeneyi Linux anailandira popanda kukangana.

Apa ndiyenera kukudziwitsani Mailesi. Anali mtsikana wa ku Kasisi, woimba kwaya kutchalitchi, ndipo ankaphunzira zosoka m'tauni. Amalume anga, ba Zakeyo, ndiwo anali ankhoswe anga (kuno timati ba shibukombe), ndipo anali atapereka kale nsalamu, mbale zovundikira zija zimene zikalandiridwa ndiye kuti banja lavomera. Bambo ake a Mailesi anali wapolisi wopuma ntchito, aliyense ankangowatchula kuti ba Sajeni. Anasiya yunifolomu koma upolisi sunawasiye. M'nyumba mwawo munali telefoni, yokhala pa katebulo kake, yovundikiridwa ndi kansalu.

Nditalumikiza modemu ndinafuna kuona ngati ikuimbadi foni. Nambala yokha imene ndinkaidziwa pamtima inali ya kwa ba Sajeni, choncho ndinailemba m'fayilo ya kapulogalamu koimbira. Modemu ili ndi kasipika kake, ndipo kanalira mokweza, foni n'kumveka ikuitana. Ndinadula msanga asanayankhe, ndikuvina pampando. Abwana anga, mayi wosakonda phokoso, anasuzumira pakhomo.

"Iwe, ivo vongo vako nivichani? Apa ni pa ofesi, si pa shebini. Zimya!"

Ndinatseka kasipikako. Kenako ndinalemba nambala yeniyeni ya kampani ya intaneti. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mafayilo otere analipo awiri, ya kompyuta yonse ndi ya ine mwini, ndipo kapulogalamuko kamamvera ya mwini. Nambala yatsopano ndinailemba m'fayilo ya kompyuta yonse. Ya ba Sajeni inatsala m'fayilo yanga, ndipo ndi imene modemu inkaimba.

Kapulogalamu kameneka kali ndi khama la mwana wopempha switi. Kakaimba n'kulephera kupeza makina anzake, kamadula n'kuimbanso, osatopa. Modemu yoimba foni simalankhula, imangokhala chete kudikira kuti inzake iyambe. Ine pa sikirini ndinkangoona mawu akuti NO CARRIER, kutanthauza kuti sinapeze mnzake, ndipo ndinkatukwana kampani ya intaneti. Nambala imene inkaimbidwa inkaonekanso pa sikirini pomwepo, ulendo uliwonse, koma maso anga ankangothamangira mzere womaliza. Masana, abwana akatuluka, ndinkasiya makina akuimba ine n'kupita kukadya. Imeneyo ndiyo inali nthawi imene ba Sajeni ankagonako pang'ono.

Lamlungu lina itatha Misa, ba Zakeyo anandiuza kuti ndikufunidwa kwa apongozi. Ndinakhala pa kampando kakafupi, maso pansi, monga ayenera kuchitira mkamwini. Ba Sajeni anatsokomola.

"Mwana wanga, sinifuna mawa mukakambe ati tinakubisani. Pali mwamuna wamene atuma foni pano masiku onse. Nikayankha ine, ali zii. Amvela mau ya mwamuna, ayopa, adula foni. Ine nagwila nchito ya upolisi, niziba. Uyo munthu afuna Mailesi."

Anati Mailesi akayankha amaima nthawi yaitali akungoti halo, halo, kunamizira kuti sakumva kanthu. Anali atamuletsa kale kupita ku kwaya ndi kusukulu ya zosoka, ndipo nkhani za ukwati zinali zitaima mpaka munthuyo agwidwe. Amayi ake anali atafunsa azimayi anzawo ngati akudziwapo kanthu, ndiye kuti Kasisi yense anali atamva.

Ndikanakhala munthu wanzeru, ndikanafunsa kuti mafoniwo amabwera nthawi yanji. Koma nsanje inandikwera mpaka m'makutu. Ndinamupeza Mailesi kuseri kwa nyumba akutsuka mbale, maso atatupa.

"Nindani?" ndinafunsa.

"Naiwe futi? Nakamba kale, siniziba. Palibe wamene akamba pa foni paja."

"Foni siilila yeka, Mailesi."

(Inkalira yokha. Ndinali nditaiphunzitsa ine, ndi manja angawa.)

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kutsuka mbale. Ine ndinabwerera pakhonde n'kulumbira pamaso pa ba Sajeni kuti mwamuna ameneyo ndikadzamugwira adzadziwa kuti ku Chongwe kuli amuna. Ndinawapatsanso nzeru yoti akadzaimbanso amuimbire wezulo m'khutu, popeza wezulo ya upolisi anali nayo. Anandiyamikira kwambiri.

Sabata imeneyo mtima unandiwawa zedi, ndipo munthu wa mtima wowawa amafuna pobisala. Ine ndinabisala mu kompyuta. Ndinayamba kuimba m'mawa abwana asanafike, masana, ndi madzulo akaweruka. Ku Kasisi uthenga unali wakuti chigawenga chija chalusa. Loweruka ndinapita kukadikira foniyo pamodzi ndi ba Sajeni, ndodo ili pambali. Tinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, foni osalira ngakhale kamodzi.

"Mwaona?" anatero ba Sajeni. "Ali na ma spai. Aziba ati muli pano. Akuyopani."

Ndinatupa ngati finye. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda motakasa miyendo, ndipo Lolemba m'mawa ndinayatsanso makina anga.

Tsiku lina masana, abwana atapita kukadya, ndinaona ba Zakeyo akulowa mu ofesi, Mailesi ali pambuyo. Amalume ananyamula kamtolo kokulunga m'chitenje. Sindinafunike kuuzidwa, mkombero wa mbale unkaonekera pansalu. Mailesi anali atabweza nsalamu.

"Akamba ati sangakwatiwe na munthu wamene samukhulupilila," anatero ba Zakeyo, akuika kamtoloko patebulo langa. "Namupempha ati tiyeni akambe pamenso pako. Manje iwe, chikwati chako chipya, uli busy na chani apa?"

Mantha anandigwira, ndipo m'malo mogwada ndinachita chimene ndinkachidziwa. Ndinayamba kulalikira za Linux. Ndinawaonetsa timagetsi tofiira, n'kunena kuti kampani ya intaneti ndiyo yosalongosoka, makina awo sayankha.

"Sayankha bwanji? Nimveleko," anatero amalume.

Popeza abwana panalibe, ndinatsegula kasipika kaja, koyamba chitsekereni. Modemu inaimba. Foni inaitana kamodzi kokha, ndipo mu ofesi monse munadzaza mawu amene ndinkawadziwa bwino.

"Halo! Iwe galu iwe! Kamba ngati ndiwe mwamuna! Mpongozi wanga akufunafuna, azakuthyola mendo!"

Kenako wezulo. Kasipika kakang'ono koteroko sindinkadziwa kuti kali ndi mphamvu choncho. Amalume anagwetsa chipewa. Mlimi wina amene ankadikira pakhonde anathawa kusiya njinga.

Mailesi sanadzidzimuke. Anayandikira sikirini, n'kuika chala pa mzere umene ine ndinali ndisanauwerengepo.

"Iyi ni nambala ya kwathu," anatero motsitsa mawu.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ba Zakeyo ananyamula foni ya patebulo, imene inali pa waya womwewo.

"Ba Sajeni, ni ine Zakeyo. Tamugwila uja munthu. Tili naye pa ofesi ya balimi."

"Musamumenye! Nisungileni, nibwela!"

Kuchokera ku Kasisi kufika paboma ndi mtunda, koma kwa ine anafika msanga kwambiri. Analowa ndi ndodo, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana kuseri kwa chitseko. Amalume anandiloza ine. Ndinagwada pa simenti n'kuyamba kufotokoza za mafayilo awiri. Ba Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti pakati pa ine ndi kabokosi, ndani ankatembenuza manambala. Ndinati kabokosi. Anakazula mawaya, n'kukakulunga m'mpango wawo, n'kunena kuti kamangidwa. Atafika pakhomo mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kutsamira khoma.

Mailesi yekha ndiye sanaseke. Amalume atakankhira kamtolo ka mbale kwa iye, anabweza manja kumbuyo.

"Kabokosi sikanalakwe, kanachita vamene unakauza. Batata ni bakulu, banayopa chabe. Koma iwe unaniyangana pamenso, nakuuza zoona, wasankha kukhulupilila foni. Manje Kasisi yonse ikamba ati nili na bamuna babili. Zina yanga unaiononga pa banthu, uzaikonza pa banthu."

Apa ndi pamene manyazi enieni anandigwira, oposa a wezulo aja. Mtsikanayu anakhala masabata ali m'nyumba, osaimba, osasoka, akulozedwa zala pachitsime, ine ndikuyenda motakasa miyendo.

Chilango chinali chakuti ndikaime pamaso pa kwaya yonse Loweruka, nthawi yophunzira nyimbo, ndikafotokoze. Ndinavala jekete. Kwaya inakhala pamabenchi pansi pa mtengo, ndipo kunabweranso azimayi amene sanaimbepo kwaya chibadwire. Mailesi anakhala kutsogolo, manja atapinda, kamtolo ka mbale kali pansi pakati pa iye ndi amalume.

Ndinayambira pa Linux. Ndinafotokoza za modemu, za kasipika, za fayilo ya kompyuta yonse ndi fayilo ya mwini. Ndinajambula ngakhale pansi ndi kamtengo. Nkhope zonse zinali zouma, palibe ankamva. Potsiriza mayi wina wachikulire wa mawu a alito anakweza dzanja.

"Imani, bambo. Ivo va mafailo visiyeni. Uja mwamuna wamene anali kutuma foni, ndimwe?"

"Ndine, mayo."

"Na uja wamene anakalipila Mailesi pa nkhani ya uyo mwamuna, ndimwe futi?"

"Ndine."

"Na uja wamene analumbila ati akamugwila azamuthyola mendo?"

"Ndine, mayo."

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanga muyembekeza chani? Si uyu mwamugwila?"

Kwaya inagwa pansi ndi phwete, mabenchi mpaka kupendama. Ndinaima pomwepo, jekete likundiwotcha, ndipo ndinasiya za mafayilo. Ndinatembenukira kwa Mailesi n'kunena mokweza kuti anandiuza zoona ndipo ine sindinamukhulupirire, kuti wolakwa ndine, osati makina. Anandisiya nditaima mpaka kuseka konse kutatha. Kenako anawerama, n'kunyamula kamtolo kaja, n'kukaika pamiyendo pake.

Mungaganize kuti ndinasiya makompyuta. Ayi ndithu, mwezi womwewo ndinagula modemu ina, ndipo intaneti inalumikizika ulendo woyamba nditakonza fayilo yoyenera. Chimene ndinasiya n'china. Mkazi wanga akandiuza kuti sakudziwa, ndimatseka pakamwa, n'kuyamba ndapita kukaona zimene ndawononga ine.