Mmene ndinatumbulira amalume pakhonde

Mpaka lero ndikatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, pa Mandimba, amayi ena ogulitsa tomato amagwira mimba zawo n'kumaseka. Ine ndimangoyang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa. Koma poti nkhaniyi anthu aithira mchere wambiri (ena akuti ndinagwira chikwanje), bola ndikuuzeni ndekha.

Ndinkaphunzira za opaleshoni ku Cuamba, ndipo mayeso aakulu anali atayandikira. Osati olemba ayi, koma ochita ndi manja: wodwala ali apo, aphunzitsi ali apo ndi nkhope yosaseka, iwe uzipima, uzisoka, uku ukunena mokweza chilichonse chimene ukuchita. Komabe ndinali wokondwa zedi. Ine, mtsikana wa ku Ngauma amene ndinakula ndikusoka fodya, tsopano ndizisoka anthu!

Aphunzitsi anatiuza kuti, "Yesererani pa aliyense amene angalole." Anzanga anali atatopa nane, ndiye Loweruka ndinanyamula zipangizo zanga n'kupita kwa amalume ku Mandimba.

Amalume Zakariya anabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo amagulitsa zitsulo za njinga. Koma chimene amakonda ndi masewero a kutchalitchi. Nditangowafotokozera, maso awo anawala.

"Wodwala wake ndine! Ukufuna ndidwale chiyani?"

"Matumbo apotana, amalume. Muzingoti apa pakupweteka."

"Zimenezo zisiyire ine, dotolo."

Poyamba zinayenda bwino. Azakhali, akazi awo, anali kumsika. Amalume anagona pamphasa pakhonde, ine nditavala chovala changa choyera, ndikuwasisita mimba ndi kulankhula ndi mtengo wa mango ngati ndiwo aphunzitsi. Amabuula mokoma moti ndinayamba kuwamvera chisoni.

Kenako ndinati ndiyeserere kusoka. Azakhali anali atasiya matumbo a mbuzi m'beseni, ndiwo zamasana. Ine ndimafuna kusokera patebulo, koma amalume anakana.

"Mayeso ako adzachitikira patebulo lodyera? Ika pamimba pano, manja azolowere."

(Apa m'pamene munthu wanzeru akanakana. Ine ndinaomba m'manja.)

Ndinawayika kathabwa pamimba, matumbo pamwamba, n'kuwafunditsa nsalu yakale ya kapulana imene ndinaiboola pakati. Zinaoneka zenizeni, anthuni! Ndinavala magolovesi, n'kulengeza kuti wodwala wapatsidwa mankhwala ogonetsa. Amalume anatseka maso n'kulekerera dzanja kuti ligwe pansi. Ine ndinadula, ndinasoka, ndinamanga mfundo zokongola zimene sindinamangepo chibadwire. Chimwemwe chinandikwera kumutu, ndinakweza matumbo aja m'mwamba n'kufuula kwa mtengo wa mango kuti, "Aphunzitsi, onani! Mbali yowolayo ndaichotsa!"

Ndinangomva chidebe chikugwa kuseri kwa mpanda. Amayi a Joana, oyandikana nafe, anali atasuzumira.

"Mayo ine! Wawatumbula!"

Ndisanatsegule pakamwa, anali atafika kale pamsewu. Ndinaganiza zowathamangira, koma ndinali pakati pa mfundo, ndipo tinaphunzitsidwa kuti wodwala sasiyidwa pamimba pali potsegula. Choncho ndinapitiriza kusoka. (Inde, ndikudziwa.)

Posakhalitsa panamveka njinga yamoto. Azakhali anatsika isanaime n'komwe, mpango uli m'manja, kumbuyo kwawo chinamtindi cha anthu: amayi a tomato, okonza njinga, ngakhale abambo ena amene anali atametedwa mbali imodzi. Ena akufuula m'Chiyao, ena m'Chimakhuwa, wina akuyimba foni kuchipatala.

"Amalume, dzukani," ndinanong'ona. Zii. Ndinawagwedeza phazi. Zii. Kamphepo ka pakhonde kanali katawatenga, amalume anagonadi tulo.

Azakhali anaima patsogolo panga. Anayang'ana magazi a m'manja mwanga, anayang'ana amuna awo ali gone, dzanja lili lende.

Tsono pa mayeso athu pali gawo lolankhula ndi abale a wodwala: modekha, mwaulemu, osathamanga. Ndinali nditaliloweza kwambiri moti pakamwa panga panayamba pokha. Ndinatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mayi, khalani kaye pansi, ndikufotokozereni zimene zachitika."

Epa! Maliro anayambika pomwepo. Azakhali anadzigwetsa pansi akuitana dzina la amalume, amayi a Joana anayambitsa nyimbo, ndipo abambo ometedwa theka aja anavula chipewa chimene anali atangovala. Ine ndikuti "ndi mbuzi, ndi mbuzi!" koma anthu anamva ngati ndikutukwana malemu.

Phokosolo ndi limene linawadzutsa. Amalume anadzuka n'kukhala tsonga, matumbo n'kugwera pamiyendo. Theka la anthu linathawa. Iwo anayasamula, anayang'ana khamu lija, n'kundifunsa kuti, "Bwanji dotolo, ndapulumuka?"

Azakhali sanaseke. Anayamba awagwira mimba amuna awo, uku ndi uku, kufuna bala. Atalisowa anatola matumbo aja, kuwayang'anitsitsa, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndiwo zanga wazisoka?"

"Pepani azakhali, ndimayeserera mayeso."

"Pamimba pa mwamuna wanga? Ukanalakwitsa mpeni?"

Apo ankanena zoona. Ndinagwada n'kupepesa bwinobwino, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Chilango changa chinali kumasula ulusi wonse ndekha, anthu akuonerera, wina n'kumati, "Koma amasoka bwino mwanayu."

Mayeso ndinakhoza. Aphunzitsi anayamikira manja anga, anati sakunjenjemera ngati a anzanga. Sindinawauze kuti amene anasokapo khamu likulira maliro sangaope aphunzitsi awiri okhala phee.

Phunziro ndinatolapo: nyama yoyeserera izikhala patebulo, ndipo eni nyumba uziwauza kaye. Koma sabata yatha amalume anandiyimbira foni monong'ona, akuti amva kuti chaka chino tili ndi mayeso a mafupa othyoka, ndipo iwo ayamba kale kuphunzira kutsimphina. Ndawauza kuti ndibwera Loweruka. Azakhali sitinawauzebe.