Mbawala ya pa Ukwati wa Ivy

Nzeru zambiri za m'mudzi mwathu mwa Garsby zimabadwira pa tebulo la pafupi ndi zenera m'bala la Mayi Oldroyd, ndipo pafupifupi zonse zimafera pomwepo matambula akauma. Nzeru ya Norman Thwaite yokha ndiyo inachita tsoka, pakuti inakhala ndi moyo kufikira Lachinayi.

Norman tinkamutchula kuti Jenerala, ngakhale kuti ku usilikali anakhalako miyezi isanu yokha, ndipo yonseyo anaithera kukhitchini akusenda mbatata. Mwana wake wamkazi, Ivy, anali kukwatiwa Loweruka. Vuto linali lakuti Jenerala, pofuna kudzikweza pamaso pa amayi ake a mkamwini, analengeza kuti pa phwando anthu adzadya nyama ya mbawala, osati nkhuku ngati kuti ndi pamaliro. Mawuwo anazungulira mudzi wonse tsiku lomwelo. Mkazi wake, Maud, amene ankaphika ndi kugulitsa buledi, sanakalipe konse. Anangopukuta manja n'kunena mofatsa kuti, "Mwalonjeza ndinu, bambo a Ivy. Ikapanda kuoneka, mudzaimirira nokha pamaso pa alendo n'kufotokoza."

Motero Lachiwiri masana Jenerala anaitanitsa mowa wa anthu atatu. Kudzanja lake lamanja kunakhala Cuthbert Pybus, wotchedwa Mgolo, munthu amene mpando uliwonse unkadandaula ukamuona. Kumanzere kunali Wilf Raistrick, wotchedwa Singano, woonda mwakuti akaima chammbali mumayesa watuluka.

"Amuna anzanga," anayamba Jenerala, "kuseri kwa mpanda wa eni malo, olemera aja, kuli mbawala mazana awiri. Itachoka imodzi, angalire ndani?"

"A Hebden," anayankha Mgolo. "Mlonda uja amazidziwa ngati ana ake."

"A Hebden Lachinayi amapita kumsika. Ife tilowa m'mawa, tigwira imodzi, pomakwana teni koloko tabwerako. Singano, ukatibweretsere Floss."

"Galu wa amalume? Aise, mukufuna andiphe? A Eli sabwereketsa ngakhale fosholo."

"Ndani wanena zobwereka? Galuyo amakudziwa. Umuonetse soseji, akutsata."

Floss anali lacha, mtundu uja wa agalu a miyendo yaitali ndi chifuwa chakuya. Kwathu kuno mwana aliyense amadziwa kuti lacha sasaka ndi mphuno, amasaka ndi maso, ndipo sauwa. Chimene chikuthamanga ndicho chake. Chimene chaima sachiwerengera. Kuwonjezera apo, a Eli Raistrick, amene pa unyamata wawo anadya mbawala zambiri zosapempha, anamuphunzitsa mwambo wakale wa agalu a anthu oba nyama: akangoona mlonda, galu samudziwanso mbuye wake. Amatembenuka mwakachetechete n'kubwerera kwawo yekha, kudzera njira yake.

Apa ndi pamene Jenerala anatsitsa mawu, monga munthu amene akutulutsa chuma chobisika.

"Mvetserani tsopano. Mpeni ndi kiyi wa galimoto tiika m'kachikwama, timanga pakhosi pa galu. Mlonda akatulukira, galu wazimirira, umboni wazimirira naye limodzi. Atisecha m'matumba, apeza chiyani? Ife ndife anthu atatu osalakwa, tanyamula masaka, tikufuna bowa."

"Bowa mu Febuluwale?" anafunsa Singano.

"Iwe, unaonda chonchi chifukwa cha mafunso."

Mgolo anapukusa mutu mogoma. "Mutu umenewu, a Jenerala, boma linataya chinthu."

Lachinayi kunacha ndi chisanu choluma makutu. Anatenga galimoto ya buledi ya Maud, imene inayenera kubwerera isanakwane thwelofu kuti ikatenge keke ya ukwati ku tauni, naiimika m'kanjira kuseri kwa mpanda wamiyala. Kachikwama kanamangidwa pakhosi pa Floss. Galuyo analumpha mpanda ngati mthunzi. Singano anakwera bwinobwino. Mgolo anachita kukankhidwa ndi anthu awiri, wina pansi wina pamwamba, ndipo anagwera mkati ndi phokoso limene akhwangwala a m'nkhalango yonse anadandaula nalo.

Aliyense anali ndi saka loyera paphewa, lonyamulira nyama pobwerera. Amene anapeza masakawo anali Mgolo, ndipo anali a chakudya cha ziweto.

Mbawala zinali chapatali, pansi pa mitengo. Zinadzutsa mitu zonse pamodzi.

"Weramani," ananong'oneza Jenerala. "Zikangodzambatuka, Singano umasule chingwe."

Koma sizinadzambatuke. Zinayamba kubwera. Poyamba zinadza zitatu, kenaka makumi awiri, kenaka gulu lonse, zikuyenda mwaulemu ngati anthu opita ku tchalitchi. Chimene amuna atatuwa anachiiwala, ngakhale kuti anakulira m'mudzi momwemo, n'chakuti nyengo yachisanu a Hebden amadyetsa mbawalazo m'mawa uliwonse, ndipo chakudyacho amachinyamula m'masaka oyera. Kwa mbawala ya ku Garsby, munthu wosenza saka si mdani. Ndi kadzutsa.

"Masula galu!" anatero Jenerala.

Singano anamasula. Floss anayang'ana mbawala, nayang'ana Singano, nayasamula, kenaka anakhala pansi. Panalibe chothamanga.

"Gwira, Floss! Gwira!"

Mbawala ina yaikazi inafika n'kununkhiza khutu la galuyo. Floss anapirira monga mayi wolemekezeka amene wakhala pafupi ndi munthu wolongolola m'basi. Pamenepo n'kuti mphuno zonyowa zitawazinga mbali zonse. Ina inali kutafuna chipewa cha Singano. Yamphongo yaikulu, ya nyanga zotambalala ngati zikhatho, inalowetsa mutu m'saka la Mgolo, ndipo itapeza kuti mulibe kanthu, inamuyang'ana ndi diso la munthu wonamizidwa.

"A Jenerala, iyi ikundiona moipa," anatero Mgolo.

"Ziopseze, kape iwe! Thamanga, kuwa, zibalalike! Zikathamanga galu agwira ntchito yake!"

Mgolo, amene anali asanathamangepo chichokereni kusukulu, anakweza manja, nakuwa, nayamba liwiro. Mbawala zinangopatuka pang'ono kumupatsa njira. M'dambo lonselo, chinthu chothamanga chinali chimodzi chokha.

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti Floss anachita zonse monga anaphunzitsidwira. Sanauwe. Anatambasuka pa udzu ngati madzi, ndipo Mgolo asanaponye mapazi khumi, galuyo anali atamugwira kumbuyo kwa buluku n'kumugwetsa chafufumimba. Kenaka anaika mwendo umodzi pamsana pake n'kuyang'ana kwa Singano monyadira, kudikira kuyamikiridwa chifukwa cha nyama yaikulu koposa zonse zimene anagwirapo.

"Mayo! Ndafa ine! Uzani mkazi wanga!" anakuwa Mgolo.

Mwadzidzidzi galuyo anaimika makutu. Anachotsa mwendo wake, natembenuka, nalowera kumitengo osacheuka. Kachikwama kanali kulendewera pakhosi.

"Mwadzuka bwanji, akuluakulu?"

Anali a Hebden, saka lodzaza lili paphewa. Kumsika ankapitadi Lachinayi, koma munthu wanzeru sapita kumsika ziweto zake zisanadye.

Jenerala anaongola jekete, nakumbukira pulani yake. "Tadzuka bwino, bwana Hebden. Tikungofuna bowa."

"Bowa." A Hebden anayang'ana nthaka youma gwa ndi chisanu. "Mwapezako?"

"Chaka chino wavuta."

"Wavutadi. Nanga galu uja ndi wa yani?"

"Galu?" Jenerala anayang'ana Singano. "Waona galu iwe?"

"Ine ayi."

"A Pybus, nanga buluku lanu lang'ambika ndi chiyani?"

"Minga, bwana," anayankha Mgolo, atagwira kumbuyo ndi manja onse awiri.

A Hebden anakhuthulira mbawala chakudya chawo mosafulumira. Sanasechenso munthu m'matumba, chinthu chimene chinamukhumudwitsa Jenerala pang'ono. M'malo mwake anati, "Tiyeni ndikuperekezeni. Musavutike ndi mpanda, ndikutsegulirani geti."

Anayenda nawo mpaka pa galimoto ya buledi. Jenerala anatsinzinira anzake diso limodzi, kusonyeza kuti pulani yagwira. Anafika pa chitseko, napisa dzanja m'thumba, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono ngati mkaka umene ukusasa.

"Pitani bwino," anatero a Hebden, natsamira mpanda, nayatsa kaliwo wawo.

Palibe anasuntha. Kwa a Eli kunali mtunda wa mamailosi asanu ndi awiri, ndipo belu la tchalitchi linali litangolira teni koloko.

"Simukupita, a Thwaite? Ndamva kuti mayi akunyumba akufuna galimotoyi isanakwane thwelofu. Nkhani ya keke, eti?"

"Kiyi, bwana... wasowa."

"Pepani. Wagwera m'bowa? Tiyeni tikafune."

"Sanagwe."

"Ali kuti nanga?"

Jenerala anayang'ana kumwamba, koma kumwambako kunalibe thandizo. Anayerekeza nkhope ya a Hebden ndi nkhope ya Maud, naona kuti yoopsa kwambiri si imene inali patsogolo pake.

"Ali pakhosi pa galu," anatero motsitsa mawu.

"Galu uti? Uja simunamuone uja?"

"Yemweyo, bwana."

A Hebden anaseka mpaka kaliwo anazima. Atapukuta misozi anati, "A Thwaite, mwakhala m'mudzi muno zaka makumi asanu. Simudziwa kuti mwana wamkazi wa ku Garsby akamakwatiwa, eni malo amapereka mbawala imodzi ya phwando? Chofunika n'kupempha basi. Mayi Thwaite anabwera kudzapempha tsiku lomwe munalonjeza lija. Nyama yanu yapachikidwa m'chipinda changa chozizira kuyambira Lolemba, dzina la Ivy lili pamwendo."

"Maud ankadziwa?"

"Anati ndisakuuzeni, mutuluke kaye thukuta. Koma sindikhulupirira kuti ankayembekezera lochuluka chonchi."

Kupolisi nkhaniyi sinafike. Chilango chinali chakuti atatuwo azisenza masaka a chakudya cha mbawala m'mawa uliwonse kufikira udzu utaphuka, popeza, monga ananenera a Hebden, nyamazo zinali zitawazolowera kale. Kiyi anakamutenga kwa a Eli atakwera galimoto ya mlondayo, ndipo nkhalambayo sinalole kuti kachikwama kamasulidwe kufikira Jenerala atavula chipewa n'kupepesa galuyo pamaso pa onse. Keke inafika mochedwa ndi ola limodzi, ndipo za ola limenelo Maud anazikamba kwa zaka khumi.

Loweruka nyama inakoma zedi. Amayi ake a mkamwini anatembenukira kwa Jenerala n'kufunsa kuti mbawala yonona chotero anaipeza bwanji.

"Aa, mayi," anayankha iye, chifuwa chikuyamba kutukumuka, "zimafuna munthu wodziwa agalu. Taonani. Floss! Bwera kuno, mtsikana wanga!"

Floss anali pansi pa tebulo, pamapazi pa a Eli, akutafuna fupa. Anadzutsa mutu, naona a Hebden atakhala moyang'anizana ndi Jenerala, foloko ili m'manja. Kenaka anamuyang'ana Jenerala monga munthu amene sanamuonepo chibadwire, natola fupa lake, natuluka pakhomo kulowera kwawo.