Ngalande ya a Jobson

Inu, munthu akadzakuuzani kuti madzi awa ndi aulere mpaka imfa, yambani mwawanunkhiza. A Jobson sananunkhize.

Chinali chaka chija anakumba maiwe atatu kumunsi kwa boma la Mchinji, oyeretsera madzi a m'zimbudzi. Nzeru yake inali yotere: zonyansa zigwere m'dziwe loyamba zidikhe, madzi atsikire m'lachiwiri dzuwa liwaphike, pofika m'lachitatu akhale oti nkuthirira mbewu. Chinatsala ndi ngalande yotulutsira madziwo, ndalama zitatha. Ndiye kapitawo wa ntchitoyo, a Greyson, anapita kwa a Jobson, eni dimba la pafupi, munthu woti akagula machesi amang'amba kamtengo kalikonse pawiri.

"Achimwene, kumbani nokha ngalande kuchokera ku dziwe lachitatu. Madzi onse ndi anu."

"Osalipira?"

"Ngakhale tambala."

"Nanga a Saulosi a dimba linalo?"

"Awo azidzapempha kwa inu."

Mawu omalizawo ndi amene anawagwiritsa khasu. Koma atayeza ndi maso, anaona kuti dziwe lachitatu lili kutali, pomwe loyamba lili pamphuno pa dimba lawo.

"Bambo, anati lachitatu," anatero akazi awo, mayi Dyna.

"Madzi ndi madzi, mayi. Ine nditaye thukuta chifukwa madzi akufuna kukaona malo?"

Anaboola khoma la dziwe loyamba, nkulowetsa paipi yakale, nkukwirira ndi udzu.

Inu, kabichi uja! Mutu umodzi ngati mtsuko. Koma fungo lake, ntchentche zinkachoka ku Zambia kulowa popanda pasipoti. Pamsika amayi ankangoti, "Ndi wa kujatu ameneyu?" nkudutsa atatseka mphuno ndi chitenje. A Saulosi sanapemphe ndi dontho lomwe. Chimene ankapempha nchoti mphepo isinthe.

Uku injiniya wochokera ku Lilongwe mutu unaima. Dziwe loyamba silikudzaza, m'lachitatu mbuzi zikudya msipu. Anafika pofunsa ngati anthu a pa boma asiya kudya. Tsiku lotsegulira nalo linayandikira, amayi ayamba kale kukonzekera nyimbo, mkulu wina wa chipani akubwera kudzaona madzi oyera.

A Greyson anangotsata mphuno mpaka pa paipi ija.

"Achimwene, zimenezi dzina lake mukulidziwa? Kusokoneza chitukuko."

Masiku amenewo mawu awiriwa ankamtenga munthu ulendo wosatsanzika. A Jobson anayamba kunyengerera.

"Tikambirane, a kapitawo. Kabichi alipo wambiri, tengani ngolo yonse."

"Ameneyo dyani nokha. Tsekani paipi, ndipo mlendo apeze madzi oyera m'dziwe lachitatu."

"Ndiwatenga kuti?"

"Chitsime muli nacho, ngolo muli nayo, ng'ombe ziwiri muli nazo."

Anatunga, abale! Migolo pangolo, ngolo kudziwe, mpaka chitsime chawo chinayamba kutulutsa achule okhaokha. Madzi m'dziwe anali asanabise ndi akakolo omwe. Anavula chipewa nkukagogoda kwa a Saulosi.

"Odi, achimwene, ndimati mundigawireko madzi."

"Ha! Inu eni madzi? Tungani, tidzakambirana."

Akuluakulu amati wamalonda akati tidzakambirana, bwerera usanakhale pansi. A Jobson anakhala.

Tsiku lija mlendo anafika, amayi anavina, injiniya anafotokoza za maiwe akuyang'ana pansi. Mlendo anawerama, anasamba m'manja, kenako, inu, analawako!

"Ozuna kuposa a ku Lilongwe! Sabata yamawa ndibwera ndi anzanga adzaone okha."

Anthu anaomba m'manja. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kumwa dziwelo. A Greyson anangocheuka nkuwayang'ana a Jobson.

A Jobson atapitanso kukapempha madzi, ulendo wachiwiriwo a Saulosi anakambiranadi. Ndalama anakana, kabichi anakana mothamanga. Anangoyenda mozungulira ngolo, nkusisita ng'ombe yakumanja.

Ndiye mukafuna kudziwa amene analipira madzi oyera a Mchinji, ndi a Jobson: ng'ombe imodzi yathunthu. Yotsalayo anayesa kuimanga yokha pagoli, koma ngolo inkangozungulira pabwalo.